A Ngozo Sanapume Pantchito

Tinawaika m'manda a Sitefano Ngozo mwezi wathawu, kukuzizira, nkhungu itaphimba phiri mpaka masana. Pamwambo wa maliro mwana wa mng'ono wawo anaimirira kuwerenga mbiri, monga timachitira. Anatchula kumene anabadwira, kumene anaphunzira, ana amene asiya. Kenaka anawerenga kuti: "Atagwira ntchito ya uphunzitsi mokhulupirika, anapuma pantchito nakhazikika pa ulimi wa kudimba." Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinamva ngati wina wandithira madzi a m'mamawa kumsana.

Mwambo utatha ndinapempha pepalalo, ndipo lili pano patebulo panga. Ine pepala sinditaya. Ndili ndi makadi a chipani a zaka zonse zija, ziphaso za ubatizo, ndi mfundo za misonkhano ya komiti ya sukulu imene ndinali mlembi wake. Ana anga amati ndimaweta njenjete. Ndafwanthamula mabokosi onse, ndipo palibe pepala lonena kuti a Ngozo anapuma. Sanapume. Anachotsedwa, ananyamulidwa pa galimoto ya apolisi ana asukulu akuonerera, ndipo anabwerako patapita zaka mano akutsogolo mulibe. Wowerenga uja sindimuimba mlandu, anali asanabadwe. Koma pabenchi lakutsogolo panakhala akuluakulu amene anaona zonse ndi maso awo, pakati pawo yemwe anali tcheyamani wa chipani m'mudzi muno masiku amenewo, ndipo nawonso anagwedeza mitu. Chandigwiritsa cholembera n'chimenecho.

Sindinama kuti anali munthu wofewa. Anali wamfupi, wa mawu akuthwa, wovala jekete yakuda ngakhale popita kukathirira kabichi. Ukalakwitsa Chizungu pamaso pawo ankakukonza pomwepo, kaya ndi pamsika, kaya ndi pakhomo la tchalitchi. Ine ndinakangana nawo zaka zambiri chifukwa cha mtengo wa mapichesi womera m'malire a minda yathu. Iwo ankati mtengowo ndi wa mwini mizu, ine ndinkati ndi wa mwini nthambi, ndipo mapichesiwo ankadyedwa ndi mbalame ife tili mkati mokangana. Ankandinenanso kuti mfundo zanga za misonkhano zinali zolongosoka kuposa misonkhanoyo.

Pa nkhani ya mawu anali ndi chikhulupiriro chawochawo. Ankati liwu lili ngati khasu: sulidziwa poliyang'ana m'sitolo, umalidziwa ndi matuza a m'manja. Buku lotanthauzira mawu sankalida, koma ankati limangokuuza dzina la munthu, silikuuza kwawo. Mwana akawafunsa tanthauzo la liwu, ankamutulutsa panja kukalifunafuna kumene limakhala.

Panjira yodutsa pakhonde pawo, yotsikira kumadimba, pali mwala wotuluka pansi ngati bondo. Palibe wa m'mudzi muno amene sanapunthwepo. Akazi awo, mayi Nachisale, anawachonderera kangapo kuti auzule, iwo n'kukana, amati mwalawo ndi umene umawauza amene akudutsa. Ukangopunthwa, liwu linkachokera pakhonde, losafulumira, lomveka bwino: "Sorry." Amayi okalamba a kuno amene sanapondeko m'kalasi, Chizungu chawo chonse ndi chimenecho, ndipo anachiphunzira pa mwala umenewo.

A Tsai anafika kuno m'zaka za chipani chimodzi. Anali Mchaina, mmodzi mwa alangizi amene anatumizidwa kudzaphunzitsa anthu ulimi wa ndiwo zamasamba. Anali wowonda, wa chipewa cha udzu, woyenda pa njinga yamoto, ndipo kulikonse ankayenda ndi chingwe chowongolera mizere. Chichewa sankachidziwa. Chizungu chake chinali cha m'kabuku kakang'ono kokhala m'thumba la malaya, ka zilembo za kwawo mbali ina, za Chizungu mbali inayo. Poona kuti alimi sakumvana naye, akuluakulu a sukulu anapempha a Ngozo kuti azimuthandiza masana ana akaweruka.

Tsiku lina a Tsai akutsika kudimba atanyamula mbande, anapunthwa pa mwala uja, mbande n'kumwazika. A Ngozo pakhonde ananena liwu lawo lija. Amayi amene anali kumbuyo nawonso analinena. A Tsai anadzuka, nayang'ana uku ndi uku, natulutsa kabuku kake.

"Ticha, munandikankha ndinu?"

"Ndakhala pano chikhalire."

"Amayiwa?"

"Ali kutali, simukuwaona?"

"Nanga mukupepesa chiyani? Buku likuti liwu limeneli amanena ndi munthu wolakwa. Kwathu, ngati sunalakwe, sunena."

A Ngozo anamuuza kuti abweze kabukuko m'thumba, ndipo phunziro la liwu limodzi limenelo linawatengera nyengo yonse yozizira. Anamuphunzitsa kuti kuno liwuli lili ndi nyumba zitatu. Yoyamba ndi ija ya m'buku: wamuponda mnzako chala, walakwa, ukupempha akukhululukire. Yachiwiri ndi ya pamwala: mnzako wapwetekedwa iwe ukuona, sunalakwe, koma ukumuuza kuti ululu wakewo waufikira nawenso. Yachitatu ndi ya pamaliro, ndipo imeneyi ankati siinenedwa ndi pakamwa pokha, imanenedwa ndi mapazi. Umasiya khasu, chifukwa m'mudzi mukagwa maliro palibe amene amalima. Umapita, umavula chipewa, umakhala pansi, chifukwa wopepesa saima ngati wodzalamula. Ukanena liwulo sunyamuka msanga. Ukakhala mwamuna wosakhala wachibale, umafunsa kumene akukumba. Anamutengera ku maliro a mwana wina kumudzi wa kutsidya kuti akaone yekha, ndipo a Tsai anakhala pansi pa fumbi tsiku lonse, miyendo itachita dzanzi, osadandaula.

Woyendera sukulu wina wochokera ku boma atamva za phunziroli anakwiya. Anati nyumba yachiwiriyo si Chizungu chenicheni, ndi Chichewa chovala jekete, ndipo a Ngozo akumusocheretsa mlendo. A Ngozo anamuyankha kuti liwu likawoloka nyanja n'kudzakhala kuno limasanduka mkamwini, liyenera kulima munda wa apongozi. Woyenderayo analemba lipoti loipa. Lipotilo ndili nalo, ndipo a Ngozo atalibwereka anandibwezera atakonzamo zolakwika ndi inki yofiira.

Tsopano ndifike pa tsiku lenilenilo.

Mlongo wanga Marita anakwatiwa ndi a Petulo, mkamwini wochokera ku Mphunzi, munthu wanthabwala, woyamba kulandira mbande za a Tsai pamene ena ankati masamba a chainizi ndi chakudya cha akalulu. Pamsonkhano wina wa chipani, anthu akuuzidwa kuti asonkhenso mphatso, alamu angawo anafunsa kuti kodi mbuzi zimene tinasonkha chaka chatha zinakafika. Anafunsa akuseka. Patangopita masiku anadzatengedwa ali kudimba, keni yothirira ili m'manja. Sitinauzidwe kumene anapita nawo.

Anabwerera m'bokosi. Galimoto inafika m'mawa, apolisi anatsitsa bokosilo pabwalo la Marita ngati thumba la feteleza, nasiya malamulo: lisatsegulidwe, belu lisalire, pasamveke kulira, asapite nalo kwawo ku Mphunzi, ndipo dzuwa lisanalowe likhale lili pansi. Galimoto itangochoka, a tcheyamani anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti wofayo anali woukira boma, ndipo aliyense apite kudimba, akaoneke akulima.

Anthu anapita. Ndakhala ndi moyo nthawi yaitali, koma chinthu chimenecho sindinachionenso: maliro ali pabwalo, makasu akulira kudimba. Tinkawamva bwinobwino, kha, kha, kha, kuchokera kumunsi. Mkulu wotsogolera mapemphero m'mudzi anatumiza uthenga kuti wadzuka ndi malungo. Pabwalopo tinali ine, Marita, ana ake ndi amayi athu okalamba. Marita anakhala chete pafupi ndi bokosi, ataluma nsalu kuti asatulutse mawu.

Vuto linali manda. Kwathu kuno wachibale sakumba manda a m'bale wake. Amakumba ndi adzukulu, anthu a mabanja ena a m'mudzi, ndipo nawe umadzakumba kwawo. Palibe mdzukulu ndi mmodzi yemwe amene anabwera. Dzuwa litakwera ndinalowa m'nyumba kukatenga khasu. Marita anandigwira mwendo.

"Achimwene, bwezani."

"Dzuwa likupita, mlongo wanga. Akabweranso aja atipeza tisanaike, titani?"

"Mukakumba inu, ndiye kuti bambo a anawa anali galu. Bwezani."

Ndinabweza. Tinakhala choncho, osadziwa chochita, tikuyang'ana mthunzi wa nyumba ukufupika.

Zimene zinkachitika kusukulu nthawi imeneyo anandiuza a Ngozo eni ake patapita zaka zambiri, tsiku lina titatopa kukangana za mapichesi. A Tsai anafika kudimba m'mawa umenewo, napeza anthu ambiri kuposa tsiku lina lililonse, onse atawerama, wopanda womupatsa moni. Bokosi anali ataliona podutsa. Anakwera njinga yake mpaka kusukulu, naima pakhomo la kalasi.

"Ticha, kwa Petulo kuli maliro."

"Ndamva."

"Anthu ali kudimba. Inu munati maliro akagwa khasu limagona."

"Awa ndi maliro ena, a Tsai. Bwererani kuntchito kwanu."

A Ngozo anali ndi ana asanu, ndi penshoni imene inali pafupi. A Tsai sanachoke. Anafunsa mofatsa, ngati mwana wofuna kukhoza mayeso:

"Ndiye kuti pali nyumba yachinayi imene simunandiphunzitse. Ndiuzeni, Ticha. Ndi wakufa wotani amene sitimunenera liwuli?"

A Ngozo anaika choko patebulo, nauza ana kuti awerenge okha.

Ife tinangoona anthu awiri akukwera chitunda. Patsogolo a Ngozo, jekete itayera ndi fumbi la choko, khasu la sukulu paphewa. Pambuyo a Tsai, atanyamula fosholo ndi chingwe chawo chija. Sanadzere kuseri. Anadzera njira ya pakati pa mudzi, pakhomo pa a tcheyamani penipeni. Atafika, a Tsai anavula chipewa, nakhala pansi pa dothi patsogolo pa Marita, nanena liwu lija kamodzi kokha. A Ngozo anakhala pambali pake nati, "Pepani, mayi. Tachedwa."

Marita anatulutsa nsalu m'kamwa. Kulira kumene analira sindingathe kukulemba. Kunatsika chitunda chonse mpaka kumadimba, ndipo tinamva makasu akuleka, lina, kenaka lina, mpaka kunangoti zii.

Atakhala kanthawi, a Tsai anandiyang'ana nafunsa, m'Chichewa chimene anachita kuloweza, kuti akukumba kuti. Ndinawaperekeza kumanda. Anakhoma zikhomo, nakoka chingwe, nayeza dzenjelo mowongoka ngati bedi la mbande. Nthaka ya kumeneko ndi yamiyala. A Ngozo, amene manja awo anazolowera choko, anatuluka matuza asanafike n'komwe m'mawondo, matuzawo n'kuphulika, mpini n'kufiira. Jekete sanavule. Ine ndinaima pambali manja ali kumbuyo, monga mwambo ufunira, ndikuona mphunzitsi ndi mlendo wa kutsidya la nyanja akukumbira mlamu wanga.

Dzuwa litapendeka anatulukira amuna ena ochepa kuchokera kumadimba, makasu ali ndi matope. Sanapereke moni, sanayang'ane munthu kumaso. Wina anangolanda khasu m'manja mwa a Ngozo nalowa m'dzenje. Ambiri sanabwere, ndipo mayina awo ndikuwadziwa. Tinaika maliro dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya paini. A Ngozo ndi amene anatsogolera pemphero, ndipo ngakhale pamenepo anandikonza nditalumpha mzere.

Sabata yomweyo komiti ya sukulu inaitanidwa mwadzidzidzi. Kunabwera bwana wina wochokera ku boma, pamodzi ndi a tcheyamani. Nditatsegula buku la mfundo, bwanayo anandiuza kuti nditseke ndi kuika cholembera pansi. N'chifukwa chake msonkhano umenewu ndi wokhawo umene ulibe pepala, ndipo unalinso womaliza kwa ine. Koma makutu sanandilande.

Bwanayo sanabwere ndi ukali. Nkhaniyi inali yowavuta, chifukwa a Tsai anali mlendo wa boma, ndipo sizikanamveka bwino kuti mlendo wa boma anakumba manda a woukira akudziwa chimene akuchita. Ankafuna nkhani ina yoti akapereke kwa akuluakulu awo, ndipo anabwera nayo yokonzakonza.

"Aphunzitsi, tithandizane. Mlendoyu Chizungu chake n'chochepa. Phunziro lanu sanalimvetse, anasochera, inu munangomutsatira kuti mukamubweze. Mukavomera zimenezi, mawa mulowa m'kalasi ngati kale. Si mmene zinakhalira?"

"Ndi mmene zinakhalira, bwana," anatero a tcheyamani. "Mchaina angadziwe chiyani za maliro a kuno?"

Tonse tinayang'ana a Ngozo. Mumtima ndinkawapempha kuti angogwedeza mutu, pakuti alamu anga anali ataikidwa kale, ndipo bodza limenelo silikanawafukula. Iwo anavula magalasi, nawapukuta ndi manja omangidwa nsanza, nawavalanso.

"Bwana, ndaphunzitsa ana ambiri. Ena ali m'maofesi ngati inuyo. Ena ndi awa a tcheyamaniwa, amene anandithawa atangodziwa kulemba dzina. Mwa onsewo palibe amene anamva phunziro ngati munthu ameneyu. Mukufuna ndimulepheretse mayeso amene wakhoza?"

"Ganizirani ana anu, aphunzitsi."

"Ndikuwaganizira. Nawonso tsiku lina adzafuna wowakumbira."

Bwanayo anatseka chikwama chake. M'mawa mwake galimoto inabwera kudzatenga a Ngozo ana ali pamzere. A Tsai nawo anasamutsidwa masiku omwewo, sitinauzidwe kuti apita kuti, ndipo sitinamvenso za iwo. Popita anaima pakhomo pa mayi Nachisale, amene anali atatsala okha ndi ana, nawasiyira fosholo, chingwe ndi mbewu za chainizi m'kabotolo. Mayiwo anandiuza kuti anavula chipewa nakhala pansi, ngakhale panalibe maliro, ndipo sananyamuke msanga. Masamba amenewo, ogulitsidwa pamsewu wa ku Bembeke, ndi amene analera ana a a Ngozo bambo awo ali m'ndende.

A Ngozo atabwerako sanalowenso m'kalasi, ngakhale zinthu zitasintha m'dziko muno. Za m'ndende sankakamba. Chizungu chawo chinkatuluka ndi kamphepo chifukwa cha mano aja, ndipo zimenezi zinkawapweteka kuposa china chilichonse, koma kukonza anthu sanasiye. Chimene anayamba ndi kufika woyamba pa maliro alionse, kaya ndi a Mkatolika, kaya a mpingo wina, kaya a munthu wosapemphera. Tsiku limene anamwalira akazi a tcheyamani uja, ndinaona a Ngozo akudutsa ndi khasu m'mawa, ndipo ndinawatsekera njira.

"Aphunzitsi, mukupita kwa munthu amene anakudyetsani ndende?"

"Ndikupita ku maliro, mlembi."

"Iyeyo anabwera kudzakupepesani?"

"Sanabwere. Koma ndinali ndi nthawi yambiri kumene ndinali kuja, ndipo nyumba yachinayi ija ndinaifunafuna ndithu. Kulibe. Tapatukani, mukundichedwetsa."

Ndinakwiya nawo mwezi wathunthu, ndipo pang'ono ndikadakwiyabe. Tcheyamani uja mpaka lero sanatsegule pakamwa pake kunena liwu limene mudzi wonse umalidziwa, la nyumba yoyamba ija. Anangokhala pabenchi lakutsogolo, nagwedeza mutu pomva kuti aphunzitsi anapuma.

Pa maliro a a Ngozo adzukulu anachuluka mpaka makasu anaperewera, ena ankangodikira mpata wotaya dothi ndi manja. Marita, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anakana kukhala kwa amayi anzake. Anapita kumanda m'mawa atanyamula chingwe chija, chimene anakachipempha kwa ana a malemuwo, nauza anyamata kuti ayeze ndi chimenecho. Mbiri ikuwerengedwa anali kumbuyo, sanamve. Sindinamuuze.

Nyumba ya a Ngozo ndi yotseka tsopano, ana ali m'tauni. Mpando wa pakhonde anaulowetsa, patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya dothi. Jekete anapita nayo. Mapichesi a m'malire aja ayamba maluwa, ndipo palibe wondilanda. Dzana ndinatsikira kudimba kudzera njira ya pakhomo pawo, maganizo ali pa pepala lonamali, ndipo ndinapunthwa pa mwala uja mpaka kugwira pansi ndi manja. Ndinakhala choncho, chogwada, ndikudikira.